Mukaitanidwa ku mwambo wa makolo kwa a Kirant

Anzanga a pano pa Lilongwe amene mukupita ku Nepal, mukafika kum'mawa kwa dzikolo kwa a Rai, omwe ndi fuko limodzi la anthu a Kirant, samalani ndi mafuwa. Mafuwa atatu aja kwa iwo si ophikira chabe ngati kwathu ku Mitundu, pamakhala mizimu ya makolo, ndiye osaponda, osakhudza, m'nyumba zina mlendo saloledwa n'kuyandikira komwe, funsani kaye eni nyumba.

Nakchhong, wansembe wawo, akayamba kutchula Mundhum, mawu a makolo omwe amawasunga pamtima, khalani chete, foni m'thumba. Nsembe yake ndi mowa wa mawere, mpunga ndi jinja. Ine zimandikhudza kwambiri, agogo ankathira ufa pansi pa msolo chimodzimodzi.

Pa gule wa Sakela akakukokerani m'bwalo, lowani muvine nawo.