Momwe mungakonzere hutala yomwe yasiya kulira mutasintha chiwongolero

Anthu ambiri akachotsa chiwongolero chomwe chinabwera ndi galimoto n'kumanga cha Momo, Nardi, Sparco kapena china chotere, amangoona hutala yati zii. Ena amathamangira kukagula hutala yatsopano, ena amakoka waya n'kuika batani pa dashibodi. Musatero. Ngati hutala inkalira musanamasule chiwongolero chakale, vuto lili pomwe manja anu anagwira: pa batani, pa boss kit (chitsulo chomwe chimalumikiza chiwongolero chatsopano ku shafiti ya galimoto), kapena pa waya mmodzi wotuluka kuseri kwa chiwongolero.

Pa galimoto zambiri za ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu, kaya Toyota, Nissan, Honda kapena Mazda, batani silitumiza moto ku hutala. Moto umachoka ku batire, umadutsa pa fyuzi n'kukadikira pa relay, kaswichi kamagetsi komwe kamapereka moto ku hutala. Batani limangogunditsa waya wa relay ku chitsulo cha galimoto, chomwe amakaniko amati ethi. Ethi ikapezeka, relay imalumikiza moto ndipo hutala imalira. Chiwongolero chakale chinali ndi njira yake yopezera ethi. Chatsopanochi chiyenera kupangiridwa njira imeneyo, ndipo nthawi zambiri ndi pamenepa pomwe pamasowa.

Konzani testa kapena multimeter, kawaya kotalika ngati mkono, sandipepa, tepi, ma Allen key, ndi sipanala ya nati yapakati, yomwe pa Toyota zambiri ndi 19mm.

Musanagwire chilichonse

Imikani galimoto matayala akutsogolo atalunjika. Zimitsani, chotsani kiyi, masulani waya wa negative pa batire. Ngati galimotoyo ili ndi ma airbag, dikirani. Mabuku a Toyota amati masekondi osachepera 90, koma kudikira mphindi zingapo sikukuchotserani kanthu.

Pulagi yachikasu ndi ya airbag. Musaigwiritse testa, musaipime ndi multimeter, musalumikizeko batani. Ineyo sindigwirizana ndi kuchotsa airbag pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku. Karesisita komwe anthu amaika pa pulagiyo akachotsa airbag kamangozimitsa nyale yochenjeza ya pa dashibodi, koma woyendetsa amatsala opanda chomutchinjiriza pachifuwa ndi kumaso. Ngati chiwongolero chakale mukadali nacho, ganizirani zochibwezera.

Pezani waya wa hutala

Chotsani batani pakati pa chiwongolero chatsopano n'kusuzumira mkati mwa boss kit. Mukufuna waya wowonda yemwe si wa pa pulagi yachikasu. Mitundu ya mawaya imasiyana malinga ndi galimoto, choncho musadalire mtundu. Tengani chiwongolero chakale muone kuseri: waya yemwe ankakathera pa chitsulo chokhala ndi masipuling'i, chomwe chinkatsika mukadina pakati, ndi ameneyo. Onani malo ake pa pulagi, ndipo mudziwa wofanana naye kumbali ya galimoto.

Bwezerani batire. Gunditsani nsonga ya wayayo ku shafiti yapakati, pomwe pali nati yaikulu, kamphindi kochepa chabe. Kuyesa kumeneku kumakuuzani pafupifupi zonse. Hutala ikalira, ndiye kuti fyuzi, relay, clock spring (kabokosi ka mawaya kuseri kwa chiwongolero) ndi hutalayo zili bwino, latsala ndi batani basi. Ikapanda kulira, tengani kawaya kanu kaja mulumikize wayayo ku bawuti yopanda penti ya pathupi la galimoto. Ikalira apo, ethi ya pa shafiti ndiyo yofooka. Mukamva relay ikuti tcha koma hutala osalira, pitani kutsogolo mukaone pulagi ya pa hutala ndi bawuti yake, mwina zachita dzimbiri. Mukapanda kumva kalikonse, tsegulani bokosi la mafyuzi, pezani yolembedwa HORN, nthawi zambiri ya 10A kapena 15A, ndipo ngati yapsa ikani ya nambala yomweyo. Relay mutha kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo m'bokosimo. Galimoto zina, makamaka za ku Ulaya, hutala imalira kiyi akatsegulidwa, ndiye yesani ndi kiyi musanagamule.

Batani ndi ethi yake

Tembenuzani batani. Ena ali ndi kamwendo kamodzi, ena tiwiri.

La timiyendo tiwiri ndi losavuta. Waya wa hutala apite pa kamodzi, ndipo kenako mukokereko waya wa ethi n'kumumangirira ku chitsulo cha boss kit. Zilibe kanthu kuti ndi kati komwe kalandira waya uti, pokhapokha ngati kena n'kolumikizana kale ndi kasipuling'i ka m'mbali mwa batani. Zikatero, kameneko ndiko ka ethi. Mukasemphanitsa, hutala ingoyamba kulira yokha mukangolowetsa batani.

La kamwendo kamodzi ndilo limavutitsa anthu. Limapeza ethi kudzera pa kasipuling'i ka m'mbali, komwe kayenera kukhudza chitsulo. N'chifukwa chake m'bokosi la chiwongolero chatsopano kapena la boss kit mumakhala karing'i kachitsulo kopyapyala kokhala ndi mabowo 6, komwe kamamangidwa pakati pa boss kit ndi chiwongolero. Ambiri amakasiya poganiza kuti n'kosafunika. Popanda iko batani limangokhala m'bowo osakhudza ethi, kapena limagwedera n'kumagwa. Kalipo koma hutala siikulira? Yang'anani penti. Ma boss kit ambiri amapakidwa penti wakuda wokhuthala, ndipo ziwongolero za aluminiyamu zimakhala ndi chikutiro chomwe sichidutsa moto. Masulani batire, palani ndi sandipepa pomwe karing'i kakugona ndi pomwe kasipuling'i kakukhudza mpaka chitsulo chiwale. Kenako pimani ndi multimeter kuchokera pa karing'i kufika pa shafiti: ikuyenera kulira kapena kuonetsa nambala yoyandikira 0.

Pogula dziwaninso kuti mabowo a mabawuti oyang'anizana pa Momo, Sparco ndi OMP atalikirana 70mm pomwe a Nardi atalikirana 74mm, ndipo mabatani awo salowana nthawi zonse. Batani lokakamizidwa ndi tepi silipeza ethi.

Ngati waya sakufikitsa kanthu

Pa galimoto ya airbag, waya wa hutala amadutsa mu clock spring, kabokosi kozungulira komwe mkati mwake muli lamba wopyapyala wa mawaya wokulungidwa ngati nkhata. Lambayu amamasuka ndi kukulungika chiwongolero chikamatembenuka. Clock spring ikazunguzidwa chiwongolero chitachotsedwa n'kumangidwa ili kumbali, lambayo amaduka tsiku lomwe mwakhota mpaka kumapeto. Masulani batire, tulutsani mapulagi a mbali zonse ziwiri, pimani njira ya hutala yokhayo kuchokera kumwamba kufika kumunsi. Ngati yaduka, gulani clock spring ina. Kulumikiza lambayo sikukhalitsa. Poimanga, pa Toyota zambiri mumaizunguza pang'onopang'ono kumanzere mpaka ilimbe, n'kuibweza maulendo awiri ndi theka mpaka zizindikiro zake zikumane. Malangizo amakhala atalembedwa pa kapepala komatidwa pompo, tsatirani amenewo.

Galimoto zakale zopanda airbag zili ndi kamsomali ka sipuling'i komwe kamakwecha ring'i ya mkuwa kuseri kwa boss kit. Onani ngati kakufika pa ring'iyo. Kakaperewera, kaya n'kutha kapena boss kit si ya galimotoyo, sinthani kamsomaliko kapena pezani boss kit yoyenera. Pukutani ring'iyo n'kupaka girizi pang'ono. Amene anaika quick release, chida chozulira chiwongolero mwachangu, aonenso timisomali ta mkati mwake, chifukwa fumbi likalowa timasiya kukhudzana.

Musakoke waya wolunjika kuchokera pansi pa dashibodi kukafika pa batani. Amakulungika pa shafiti, amasupuka n'kuchita shoti, ndipo atha kukola chiwongolero muli pakona. Batani la pa dashibodi nalonso si yankho. Mwana kapena wakabaza akakudutsani mwadzidzidzi, dzanja limapita pakati pa chiwongolero lisanaganize.

Kumanga ndi kuyesa

Batire lili lomasula, kutirani ndi tepi chitsulo chilichonse cha waya chomwe chili poyera, chifukwa kamwendo ka batani kakakhudza nati yapakati hutala silekeza kulira. Pindani mawaya mkati mwa boss kit osawapana. Mangani nati yaikulu molingana ndi buku la galimotoyo, ndipo mabawuti 6 aja muwamange modumphadumpha kuti chiwongolero chigone mofanana.

Bwezerani batire, lizani injini. Dinani batani matayala atalunjika, kenako khotani mpaka kumapeto kumanja mudine, kumanzerenso chimodzimodzi. Ikalira yokha mukukhota, pali waya wopanika kapena wosupuka, tsegulaninso. Ikamalira mbali imodzi yokha, bwererani ku clock spring kapena ku ring'i ya mkuwa. Pomaliza yendani pang'ono muone ngati ma indiketa akuzima okha mukamaliza kukhota, chifukwa nawonso amadalira momwe boss kit yakhalira pa shafiti.