Galimoto ikamalephera mtunda, yambani mwaona ku ekizozi

Eni ma Sienta ndi ma Probox akale amene mumanyamula anthu pakati pa Luchenza ndi Thyolo, dandaulo lanu timalidziwa. Pachidikha galimoto imayenda bwino, koma ikafika pa mtunda wa m'minda ya tiyi imalema ngakhale muponde moto mpaka pansi. Ambiri mumathamangira kugula pampu ya mafuta. Musafulumire.

Pa paipi ya ekizozi, pafupi ndi injini, pali chibokosi chotchedwa catalytic converter. M'kati mwake muli timabowo tonga chisa cha njuchi, topakidwa zitsulo zodula zotchedwa platinum, palladium ndi rhodium, toyeretsa utsi. Timabowoti tikatsekeka, utsi umasowa potulukira ndipo injini imabanika.

Injini ikadali yozizira, gogodani chibokosicho ndi dzanja. Chikamalira ngati muli timiyala, chisa chija chasweka. Kenako lizani galimoto, wina aponde moto, inu muike dzanja pafupi ndi kukamwa kwa ekizozi. Mpweya wofooka, nthawi zina wonunkha ngati mazira owola, ndi chizindikiro choti chibokosicho chili ndi vuto.

Njira imene ine ndimaidalira ndi iyi. Makaniko amasule oxygen sensor (kachipangizo koyeza mpweya wa mu utsi) ya kutsogolo kwa chibokosicho, muyende pang'ono chabe. Phokoso lidzakula, musadabwe. Ngati mphamvu yabwerera chifukwa utsi wapeza bowo lothawira, vuto mwalipeza. Amene ali ndi geji yoyezera mphamvu ya mpweya aimange pabowo lomwelo, injini aisunge pa 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi). Geji ikapitirira 3 psi, njira yatsekeka. Kompyuta yoyezera galimoto ikaonetsa nambala ya vuto P0420, ikungonena kuti catalytic converter, chipangizo chathu chija, sichikuyeretsa bwino utsi, osati kuti chatsekeka ayi.

Chipangizochi sichimangofa chokha. Mapulagi otha kapena koyilo yofooka zimatumiza petulo wosapsa ku ekizozi, amakayakira m'chisa muja mpaka kuchisungunula. Injini yodya oyilo, kapena gasiketi yolowetsa madzi, nazonso zimachimata. Mukaika china musanakonze zimenezi, nacho chidzatsekeka.

Ena adzakuuzani kuti angochiboola n'kuchotsa zam'kati. Dziwani kuti zam'katizo zili ndi msika chifukwa cha zitsulo zodula zija, ndiye wokulangizaniyo mwina akuwerengera zake. Galimoto idzathamanga ndithu, koma nyali ya check engine idzayaka ndipo utsi woipa udzapumidwa ndi anthu a pa siteji.

Podikira kukonza, musamaimike galimoto pa udzu wouma, makamaka mu Okutobala. Chibokosi chotsekeka chimatentha mpaka kufiira.