Kutsata mbewa ndi swiswiri m'nkhalango yowirira

M'nkhalango zamvula ngati ya Ntchisi kapena za ku Misuku, tinyama ting'onoting'ono sitioneka masana. Yambani ndi misampha ya Sherman, timabokosi tachitsulo togwira nyama yamoyo, mutatenga kaye chilolezo kwa oyang'anira nkhalangoyo.

Tcherani mizere 7, uliwonse wa misampha 7, motalikirana mamita 10. Misampha 49 imeneyi ikagona masiku atatu, pamakhala potchera 147, ndipo nambala iyi ndiyo mugawire zomwe mwagwira poyerekeza malo awiri. Nyambo yake ndi chiponde chosakaniza ndi gaga, kambulu kongokwana pa chala. Misampha ina imangirireni pa nthambi, mamita awiri kuchoka pansi, chifukwa mbewa zina sizitsika kawirikawiri.

Wonjolani m'bandakucha. Mukachedwa, linthumbu limalowa n'kupha nyama ili m'kati, ndipo chitsulo chonyowa chimaizizira mpaka kufa. Ikanimo thonje pang'ono, pamwamba mufunditse masamba. Swiswiri ndi wopepuka, nthawi zambiri safwamphula msampha. Iyeyu mukumbireni ndowa za malita 20, mlomo wake ulingane ndi nthaka, pakati pa ndowazo mudutse mpanda wa pulasitiki. Boolani timabowo pansi pa ndowa, apo ayi mvula ya usiku umodzi imiza zonse.

Komatu msampha umangokuuzani pomwe nyama inatsatira fungo la chiponde. Komwe imakhaladi mudziwa ndi ulusi. Yezani kulemera kwa mbewa mutavala magolovesi, meteni kaubweya pang'ono kuti mudzaizindikire, kenako matani kampukutu ka ulusi pamsana, pakati pa mapewa. Kampukutuko kasapitirire magawo 5 pa 100 a kulemera kwa nyamayo, ndipo kakhale kotulutsa ulusi kuchokera m'kati kuti kasakoke. Mangani nsonga ya ulusi pa kamtengo, mbewayo muimasule pomwe munaigwira.

Tsatirani ulusiwo mawa lake, osati pomwepo, chifukwa mbewa yothamangitsidwa imathawa chisawawa. Mamita 10 oyamba musawawerenge, amenewo ndi a mantha. Kuchoka apo, muona ulusi ukuyenda pamwamba pa chipika chowola, ukukwera chilambe, ukulowa kuuna kunsi kwa mizu. Pa mita iliyonse lembani chomwe wadutsapo: pansi, pachipika kapena m'mwamba, komanso kukhuthala kwa zinyalala zamasamba. Ulusi ukaduka pa minga, funani nsonga inayo chapafupi musanapondeponde malowo. Mukatha, pombani ulusi wonse mutuluke nawo, chifukwa wosiyidwa umakola mbalame ndi abuluzi.