Gulu lathu lobwereketsana lisasanduke katapila

Mwezi watha ndinakhala nawo pa msonkhano wa gulu lina la amayi ku Mabvuku mu Harare, kuno ku Zimbabwe, lija losonkha ndalama ndi kubwereketsana lomwe anzathu Achishona amati mukando, ife tikakumbuka kumudzi n'kumati banki mkhonde. Msungichuma atawerenga buku anthu anaomba m'manja, poti bokosi lanenepa ndipo pogawana mu Disembala aliyense adzatenga zooneka. Ine ndinapempha bukulo kuti ndione kumene phindulo likuchokera. Mayina obwereka mwezi ndi mwezi anali omwewomwewo: mayi wamasiye wolera zidzukulu, mayi wina yemwe bambo akunyumba akudwala, ndi mtsikana wogulitsa tomato pamsewu. Amayi okhala ndi ana ku Joni ndi ku UK sabwereka, amangosonkha. Ndiye kuti chakudya cha Khirisimasi cha olemera m'gulumo chikuphikidwa ndi nkhuni za osauka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anali atazindikira.

Tikamanena za katapila, amene kuno amati chimbadzo, timaganiza za bambo wa nkhope yolimba wokhala pafupi ndi bawa, wosunga makadi a ku banki a anthu m'thumba la jekete. Alipodi ameneyo. Koma malangizo anga lero akupita kwa ife eni: magulu a kutchalitchi, a kumsika, ndi aliyense amene ali ndi timadola tapadera n'kumabwereketsa anansi.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa mawu oti peresenti amabisa zambiri. Tiyerekeze kuti mayi wabwereka madola 50 pa 30 peresenti pamwezi. Mwezi ukatha akuyenera kubweza madola 65. Alibe, ndiye apereka 15 ya chiwongoladzanja yokha, mpamba n'kuusiya. Akachita choncho miyezi isanu ndi umodzi wapereka madola 90, koma m'buku ngongole idakali 50 yomwe ija. Ngati alephera ngakhale 15 imeneyo, gulu n'kumaiphatikiza ku mpamba, mwezi wachiwiri ngongole ifika madola 84 ndi masenti 50, wachitatu yapyola 109. Miyezi itatu yokha yabereka inzake. Pachaka, popanda n'kuphatikiza komwe, 30 peresenti pamwezi ndi 360 peresenti. Ndi geni iti ku misika ya Mbare Musika kapena Mupedzanhamo imene imabala chotere?

Obwereketsa nawo ali ndi mbali yawo, ndipo sindiinyoza. Banki imafuna kalata ya malipiro, pomwe wogulitsa masamba alibe bwana womulembera kalata. Amene amamuthandiza mwana akatentha thupi usiku ndi mnansi yemweyo. Ena amabwereka n'kusamuka nyumba mwakachetechete. Komanso aliyense wa ife ndalama ya dziko lino inamuwotchapo: mu 2008 ndalama inkasungunuka m'manja mpaka mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la 100 trillion, mu 2019 madola a m'mabanki anasanduka ndalama ya kuno yotchedwa RTGS, ndipo ndalama yatsopano ya ZiG yomwe inabwera mu Epulo 2024 inagwetsedwa mphamvu mu Seputembala chaka chomwecho. Munthu woona zonsezi akamaika chiwongoladzanja chokwera sikuti nthawi zonse ndi umbombo, mwina ndi mantha. Koma mantha amenewo mankhwala ake ndi kubwereketsa m'madola a ku America ndi kulandiranso m'madola omwewo, zolembedwa bwino. Mukatero chifukwa cha kugwa kwa ndalama chachoka, ndipo 30 peresenti ija yatsala yopanda poyimira.

Funso loyamba pobwereketsa lisakhale loti "mubweza liti?" koma loti "ndalamayi ikukagwira ntchito yanji?" Pali ngongole ziwiri zosiyana ngati mbuzi ndi galu, ngakhale m'buku timazilemba pa tsamba limodzi.

Ina ndi yokapikulira katundu. Mtsikana wa tomato uja akatenga madola 50, n'kulawirira ku Mbare kukapikula, n'kudzagulitsa ku Tafara, ndalamayo imazungulira mwina kawiri pa sabata. Khalani naye pansi muwerengere limodzi: mtengo wopikulira, ya kombi, ya wonyamula katundu, tomato wophwanyika ndi wovunda, tsiku lomwe apolisi a khonsolo athamangitsa anthu. Chotsalacho ndiye phindu lenileni, ndipo chiwongoladzanja chikhale kagawo kochepa ka chotsalacho. Ngati pamwezi akutsala ndi madola 40, kupereka 5 ku gulu sikumuthyola msana. Kupereka 15 ndiye kuti akugwirira ntchito gulu, iye n'kumadzuka 4 koloko m'mawa pomwe eni phindu ali m'bulangete. Ndikamaphunzitsa magulu ndimati musapyole 10 peresenti pamwezi, ndipo bokosi likakula tsitsani, musakweze.

Inayo ndi ngongole ya mavuto: maliro, chipatala, lendi, fizi, ufa. Ndalama imeneyi sibala kanthu. Bokosi la maliro likalowa m'manda silibwerako ndi phindu. Munthu wobwereka pa nthawi yotere sakambirana mtengo, mukanena 50 peresenti avomera, mukanena kuti asiye wailesi asiya. Ena amati "wavomera yekha, sindinamukakamize". Amayi ndi abambo, kuvomera kwa munthu amene mtembo wa mwana wake uli ku mochale ya ku Parirenyatwa sikuvomera ayi. Apa gulu likhale ndi thumba lachiwiri, la mavuto, lomwe aliyense amaponyamo kadola kamodzi pa msonkhano, ndipo wotengamo amabweza zomwe watenga basi, pang'onopang'ono. Si nzeru yachilendo imeneyi. Agogo athu atachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzagwira ntchito mu Salisbury (Harare wa lero), m'mafamu ndi m'migodi, anayambitsa mabungwe a maliro chifukwa ankadziwa kuti mtchona akafa kutali ndi kwawo, omuika ndi anzake. Sankawerengerana chiwongoladzanja pa nsalu ya maliro. Mabungwe otere alipobe ku Mufakose, ku Highfield ndi ku Dzivarasekwa, ndipo amene sanalowe ndimamulimbikitsa alowe asanaone vuto.

Tsono za chikole. Apa ndi pamene ndimaona nkhanza zambiri zochitidwa ndi anthu abwinobwino. Telala wabwereka, inu mwatenga makina ake osokera. Wokankha ngolo mwamulanda ngolo. Wogulitsa mwamusungira foni yomwe makasitomala amamutumizirapo ndalama pa EcoCash. Abweza ndi chiyani? A kutchalitchi mukudziwa kuti pa Deuteronomo 24:6 analetsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa kutero n'kutenga moyo wa munthu, ndipo abale athu Achisilamu a ku mizikiti ya ku Mbare ndi kwina chiwongoladzanja chenichenicho amachikana, amati riba. Chida chimene munthu amadyera chisalowe m'nyumba mwanu. Chimodzimodzinso khadi la agogo la penshoni ya NSSA, bungwe la boma la penshoni, pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi: mukalisunga ndiye kuti mwezi ukatha inu mudya poyamba, agogo adya zotsala.

Chitupa ndiye musachikhudze n'komwe. Ife ana a matchona tikudziwa mmene pepala limeneli linativutira, ambiri zitupa zathu zitalembedwa kuti ndife alendo m'dziko lomwe tinabadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Munthu wayenda maulendo angati ku ofesi kuti achipeze, inu n'kuchitsekera m'kabati chifukwa cha madola 20?

Boma nalo lili ndi mawu ake. Kubwereketsa ndalama ngati bizinesi kumafuna chilolezo, ndipo pansi pa lamulo la Microfinance Act la 2013 amene amalembetsa ndi kuyang'anira obwereketsa ndi Reserve Bank of Zimbabwe. Gulu likayamba kubwereketsa anthu akunja pa mtengo wokwera kuti mamembala adzagawane zambiri, lasiya kuthandizana, lalowa malonda, ndipo liyenera kudzifunsa ngati lili ndi mapepala a malondawo. Makhoti a kuno amatsatanso lamulo lotchedwa in duplum, lomwe khoti lalikulu linalitsimikiza mu 1996: chiwongoladzanja chomwe sichinalipidwe chikafanana ndi mpamba wotsala, chimaima pomwepo. Pa madola 50, chiwongoladzanja chounjikana sichingapyole 50. Dziwani kuti lamuloli limawerenga chosalipidwa chokha, choncho mayi uja wopereka 15 mwezi ndi mwezi silimupulumutsa. Ameneyo womupulumutsa ndi inu, polemba m'malamulo a gulu kuti munthu akapereka zokwana kawiri zomwe anatenga, ngongole yatha, tsamba litsekedwe. Ine ndikanakonda litsekedwe kale asanafike pamenepo.

Wina akakana dala kubweza ali nazo, njira ilipo: muitaneni pamaso pa akuluakulu a gulu, zikakanika pitani ku Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa, komwe sikufunika loya. Kulanda katundu ndi ntchito ya mtumiki wa khoti, Messenger of Court, khoti litagamula. Kutuma anyamata kukanyamula sofa usiku, kapena kuika chithunzi cha munthu pa WhatsApp ya mpingo n'kulemba kuti wakuba, kumeneko mlandu umatembenukira kwa inu. Komanso tisiyanitse wokana ndi wolephera. Wodwala, woferedwa, kapena amene katundu wake walandidwa pamsewu, muimitsireni chiwongoladzanja miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kalikonse kamene wabweretsa kadule mpamba poyamba. Ngongole siwola, idzabwera ndithu, bola mwini wake akhale ndi mpweya.

Pali kalamulo kena kamene ndakapeza m'magulu angapo, koti membala aliyense ayenera kubwereka mwezi uliwonse, afune asafune, kuti bokosi likule. Chotsani kameneko. Munthu wopanda geni mukamupatsa ndalama mokakamiza amagula nazo ndiwo, kenako amakabwereka kwa wachimbadzo kuti adzabweze kugulu asachite manyazi, ndipo ngongole imodzi yasanduka ziwiri.

Polemba pangano, lembani m'madola osati m'maperesenti: watenga 50, adzabweza 55, pa tsiku lakuti, m'ndalama yakuti. Awerenge yekha kapena mumuwerengere m'chilankhulo chomwe amamva, Chichewa kapena Chishona, pakhale mboni ziwiri, ndipo naye atenge pepala lake. Kulipira kulikonse kulembedwe iye akuona. Inunso obwereka, musachoke opanda pepala, ndipo mukaona kuti tsiku likuyandikira mulibe, pitani nokha mukanene lisanakwane, musadikire kuti akupezeni mutatseka chitseko.

Ku Mabvuku kuja sitinamalize bwino. Amayi awiri osonkha kwambiri anati chiwongoladzanja chikatsika iwo atuluka, chifukwa ndalama yawo ingakagwire ntchito kwina. Ndi ufulu wawo, ndipo bokosi lidzachepadi. Wapampando anapempha mlembi kuti pofika msonkhano wotsatira alembe pa pepala limodzi zomwe membala aliyense wapereka ngati chiwongoladzanja kuyambira Januwale, pambali pake zomwe akuyembekeza kulandira mu Disembala, kuti aliyense adzaone ndi maso ake asanaponye voti pa zotsitsa chiwongoladzanja. Nanunso chitani zomwezo m'gulu lanu sabata ino. Pamafunika buku, cholembera ndi ola limodzi.