Mmene Mungafufuzire Dzina la Chijapani Loti Chiyo Musanatche Mwana

Kuno ku Chigwa cha Shire si zachilendo kutcha mwana dzina la mlendo amene anatikomera mtima, ndipo popeza anthu odzipereka ochokera ku Japan akhala akugwira ntchito m'Malawi muno kuyambira mu 1971, makolo ena kwa Ngabu kapena ku Nchalo angafune kuti mwana wawo wamkazi adzatuluke m'chikuta ali ndi dzina la Chijapani. Dzina loti Chiyo limakoma m'makutu mwathu chifukwa limayamba ngati Chisomo kapena Chiyembekezo, koma "chi" wa m'dzinali sagwirizana ndi "chi" wathu.

Choyamba, pemphani mwini dzinalo kuti akulembereni pa pepala m'zilembo za kwawo zotchedwa kanji, chifukwa tanthauzo la dzina la Chijapani limagona m'kalembedwe kake. Amayi awiri akhoza kuitanidwa Chiyo onse, mayina awo n'kukhala ndi matanthauzo osiyana. Kalembedwe kodziwika kwambiri ndi 千代, pamene chilembo choyamba chikuimira 1,000 ndipo chachiwiri chikuimira m'badwo, kotero kuti dzina lonse likunena za mibadwo chikwi, komwe ndi kufunira mwana moyo wautali ndiponso mbumba yosatha. Wina akalemba 智代, chilembo choyamba chimasanduka nzeru, ngakhale kuti pakamwa dzinalo silisintha.

Mukalandira pepalalo, lijambuleni ndi foni ndipo mufufuze chilembo chilichonse pachokha mu dikishonale ya Chijapani ya pa intaneti, m'malo modalira masamba amene amangondandalika mayina a ana pamodzi ndi matanthauzo okometsera. Mudzapeza kuti mawu oti 千代 ndi akale zedi. Ali m'nyimbo ya fuko la Japan, imene mawu ake anachokera m'ndakatulo yopezeka m'buku losonkhanitsidwa cha m'ma 905, ndipo mlakatuli wamkazi wotchuka, Fukuda Chiyo-ni, amene anabadwa mu 1703 n'kumwalira mu 1775, ankadziwika ndi dzina lomweli.

Mukaona dzinali litatalika n'kukhala Chiyoko, dziwani kuti "ko" wakumapetoyo, wolembedwa 子, amatanthauza mwana. Kale anali wa akazi a m'mabanja achifumu ndi olemekezeka, kenako anafalikira kwa anthu wamba ulamuliro wa mfumu Meiji utayamba mu 1868, koma makolo a masiku ano samugwiritsa ntchito kwambiri, moti ku Japan Chiyo ndi Chiyoko amamveka ngati mayina a agogo. Kwa ine chimenechi si chilema, popeza ifenso timadzutsa mayina a makolo athu mwa ana.

Musanatsimikize, litchuleni mokweza pamaso pa azakhali ndi agogo a mwanayo, olankhula Chimang'anja ndi Chisena omwe, kuti mumve ngati silikufanana ndi mawu ochititsa manyazi amene anzake angadzamuseke nawo kusukulu. Mugwirizanenso kalembedwe kamodzi m'zilembo zathu, kuti dzina la m'kabuku ka kusikelo lisasiyane ndi la pa chiphaso cha kubadwa.

Kapepala ka zilembo za kanji kaja mukakulunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kabukuko, n'kukaika pamalo okwera, chifukwa madzi a Shire ndi Ruo akasefukira zikalata ndi zimene zimayamba kuwonongeka, ndipo mwanayo akadzakula adzafuna kuona yekha mmene dzina lake limalembedwera.