Momwe mungakwezere agogo basi ya ulendo wautali kuti akafike bwino

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu pa msewu wa M1 ndi mtunda woposa makilomita 600. Kuti agogo akatsike ali bwinobwino kapena akagone mlungu wonse msana ukuphwanya, zimadalira kwambiri amene wagwira chiwongolero. Nazi zoyenera kuchita.

Tikiti kaguleni nokha ku ofesi dzulo lake. Anyamata oitanira akakutsomphola chikwama n'kumati "ikunyamuka pompano iyi", akaneni. Basi yodikira kudzaza imataya maola pa depoti, kenako dalaivala amabweza nthawiyo pamsewu, kuthamangitsana ndi anzake kulimbirana anthu pa masiteji, mabuleki adzidzidzi osatha. Kochi ya nthawi yake imadula, inde, koma ndalama mungapulumutse pa basi yotchipa mudzaisiya ku famase. Ya usiku isiyeni, tulo sitiona kuti uyu ndi dalaivala.

Mpando ukhale wakutsogolo, cha kukanjira, kuti athe kutambasula mwendo. Kumbuyo hampu iliyonse ya pa Ntcheu imawaponya m'mwamba. Lamba ngati alipo, amangeni.

Tsopano nkhani ya kuima panjira, yomwe anthu amaiona yaing'ono. Achikulire sakonda kuvutitsa. Azakhali anga adapempha cha ku Dedza kuti akadzithandize, dalaivala n'kuyankha mokweza, basi yonse ikumva, kuti "pirirani agogo, tiima ku Lilongwe". Manyazi adawagwira. Kuchokera apo sadamwenso madzi, nthochi yomwe adali nayo sadaidye, chonsecho m'mawa adali atamwa mapilitsi a BP, ena mwa iwo okodzetsa aja. Pa Kasungu basi idaima, koma asanabwere n'komwe kuchimbudzi hutala idayamba kulira. Adathamanga, ndipo basi idayamba kuyenda iwo akadali pamasitepe. Bondo lidagunda chitsulo, adakafika ku Mzuzu litatupa, mutu ukuwazungulira chifukwa cha ludzu. Kwa munthu wa shuga, kusadya koteroko n'koopsa kuposa apa.

Ndiye musangowakweza n'kubayibitsa. Pitani kwa dalaivala basi isananyamuke, mwaulemu: "Adalaivala, awa ndi mayi anga, ali ndi BP ndipo amayenda pang'onopang'ono. Chonde mukaima muziwadikira akhale kaye pansi." Funsani kuti aima pati ndi pati, muwauze agogowo kuti adziwe pomwera madzi. Kondakitala ndiye wofunika zedi, poti ndi amene amamenya bodi kuti tiyeni. Tengani nambala yake, mupatseni ya Fanta. Muuzeninso mayi amene wakhala pafupi nawo kuti aziwaperekeza potsika ndi kuwalankhulira, chifukwa okha sadzatsegulanso pakamwa. Basi ikaima atsike ndithu ngakhale sakufuna chimbudzi, kukhala malo amodzi maola ambiri kumatupitsa miyendo.

Zotsalazo mukuzidziwa. Mankhwala ndi buku la kuchipatala zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'buti. Juzi ndi chitenje chapadera, ku Chikangawa kumazizira. Foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Wowachingamira afike pa depoti basi isanafike, ndipo inu muimbireni kondakitala uja akamadutsa pa Jenda.