Kugulitsa Ndiwo Zamasamba pa WhatsApp Musanazithyole

Mlimi wa m'tauni amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe, kapena kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, amaluza kawirikawiri chifukwa chothyola masamba asanapeze wogula, popeza mpiru ndi bonongwe zikayamba kufota, mavenda ndiwo amatchula mtengo. Foni ingakuthandizeni kulandira maoda tsiku lothyola lisanafike.

Yambani ndi WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake. Jambulani m'mawa masamba adakali ndi mame, koma onetsani kukula kwenikweni kwa mpukutu wa repu kapena mulu wa tomato, chifukwa kasitomala amene walandira zochepa kuposa zimene anaona pachithunzi sabweranso.

Alimi ambiri amathamangira kutsegula gulu la pa WhatsApp, komatu magulu amadzaza msanga ndi mavesi, mauthenga a maliro ndi malonda a anthu ena, mpaka ogula enieni amatulukamo mwakachetechete. Njira yabwino ndi broadcast list, imene imatumiza uthenga umodzi kwa anthu osapitirira 256, aliyense n'kuulandira payekha. Uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, choncho pemphani aliyense wogula koyamba kuti aisunge inu muli pomwepo.

Khalani ndi masiku odziwika. Mwachitsanzo, tumizani mndandanda wa zimene zakhwima Lachitatu madzulo, tsekani maoda Lachinayi usiku, ndipo Lachisanu m'bandakucha thyolani zokhazo zimene zaitanitsidwa.

Pa malipiro m'pofunika kusamala kwambiri. Khalani ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba zonse ziwiri kuti wogula asakhale ndi chowiringula, ndipo potchula mtengo kumbukirani ndalama imene imadulidwa mukamakatapa kwa ejenti. Musatulutse katundu chifukwa chongoona chithunzi cha uthenga wakuti ndalama yatumizidwa, pakuti akamberembere amapeka mauthenga otere mwaluso, ndipo ena amaimba foni akudandaula kuti atumiza molakwitsa ndiye muwabwezere. Onani kaye nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu poimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale amene akunena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Pokapereka katundu, sonkhanitsani maoda a dera limodzi, monga a ku Area 47 ndi Area 18, kuti wakabaza mmodzi ayende ulendo umodzi. Pemphani wogula atumize pa WhatsApp chizindikiro cha pamapu cha pamene akukhala, popeza kulongosola njira ndi pakamwa kumatha mayunitsi, ndipo masambawo muwafunditse chiguduli chonyowa. Madzulo lembani m'kope dzina la wogula aliyense, zimene watenga ndi ndalama zimene walipira, kuti pofesa nazale yotsatira mudziwe mbewu imene ikutuluka msanga.